Maina ali pa chipilala, nanga a amtengatenga a kwathu analembedwa pati?

November akafika mumaona anthu atavala kaduwa kofiira pachifuwa, atsogoleri akuika nkhata za maluwa pa chipilala, lipenga likulira. Ambirife timangodutsa zithunzizo pa Facebook n'kumati ndi za asilikali zimenezo. Inenso ndinkatero, mpaka tsiku lina agogo anga, tikukazinga usipa kumudzi kwathu kuno ku Salima, anandiuza kuti amalume awo anatengedwa usiku kupita ku mtengatenga ndipo sanabwerenso. Manda awo kulibe. Dzina lokha ndi lomwe linatsala, nalonso lili m'mutu mwa agogo basi.

Ndiye ndati lero ndikufotokozereni za zipilalazi, ndi chifukwa chake maina ena sapezekapo.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, sinali ya ku Ulaya kokha ayi. Tanzania ya lero inali m'manja mwa Germany, ife tili m'manja mwa Britain. Pa 13 August 1914, sitima ya Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa nyanja yomweyi timaphamo chambo. Mfuti ya Guendolen ilipobe ku Mangochi, pafupi ndi chipilala cha wotchi. Pa 9 September chaka chomwecho nkhondo inabuka ku Karonga. Makolo athu ankaitcha nkhondo ya chiwaya. Osati chiwaya cha tchipisi pa Kamuzu Road, aise. Chiwaya chinali mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza.

Anthu a kuno analowa nkhondoyi m'magulu awiri. Loyamba ndi asilikali a King's African Rifles, KAR mwachidule, pafupifupi 19,000. Lachiwiri ndi amtengatenga, pafupifupi 200,000. Kumene kunkamenyedwa nkhondo kunalibe misewu ya galimoto, ndipo ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe. Choncho ufa, zipolopolo ndi mahema zinkayenda pamutu pa munthu, wapansi, milungu ndi milungu. Boma linkalamula mafumu kuti apereke amuna, ndipo okana ankagwidwa mokakamiza. Ambiri mwa omwe anafa sanafe ndi mfuti: inali njala, kamwazi, malungo, kenako chimfine choopsa cha 1918. John Chilembwe anadandaula za zimenezi m'kalata yomwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914, kuti anthu osauka akufera nkhondo yosakhala yawo.

Tsono pitani ku Zomba. Pafupi ndi Cobbe Barracks pali chipilala cha njerwa cha KAR, chokhala ndi maina a asilikali omwe anafa. Ku Lilongwe, ku Area 18, kuli chipilala chachitali chomwe kutsogolo kwake kuli chiboliboli cha Kamuzu Banda. Ku Karonga kuli manda a ankhondo. Msilikali anali ndi nambala, analembedwa m'kaundula, ndiye dzina lake linali ndi mwayi wofika pa chikwangwani. Wamtengatenga akagwa m'njira ankakwiriridwa pomwepo, gulu n'kupitirira.

Izi si zonena ine ndekha. Mu 2021, bungwe losamala manda a ankhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, omwe anafa pa nkhondo yoyamba sanakumbukiridwe ndi dzina, kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Ambiri mwa iwo anali Aafirika. Bungweli linapepesa. Ku England, mudzi wochepa ngati wathu umakhala ndi mwala kapena chikwangwani pa tchalitchi, cholembedwa maina a ana a m'mudzimo. Kwathu mudzi unangopereka anthu, wosalandira ngakhale kapepala.

Pa nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, anyamata a kuno anapitanso. Anakamenya ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Dzina loti Moyale Barracks ku Mzuzu likuchokera ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, kumene KAR inamenya nkhondo mu 1940. Ngakhale mganda ndi malipenga, magule athu a kunyanja kuno, ndi chikumbutso cha nthawi imeneyo: mayunifomu, kuguba kuja, malipenga a zikho, zonsezo ndi zotengera pelete wa asilikali. Timavina mbiriyo osaidziwa.

Ndipo Salima si mlendo pa za usilikali. Sukulu ya asilikali ya MAFCO ili konkuno, a Parachute Battalion ali ku Senga Bay. Mu November 2018 asilikali asanu ndi mmodzi a Malawi anaphedwa ku DRC akusungitsa mtendere. Amenewo maina awo tinawawerenga pa foni tsiku lomwelo. A zaka 100 zapitazo ndi amene akutipulumuka.

Mwina wina akuti, man, ufa wakwera mtengo, mukutiuza za chikwangwani? Ndikumva. Inenso sukulu ya ku yunivesite ndinasiyira panjira chifukwa cha fizi, ndiye za simenti ndi mkuwa sindikulota n'komwe. Koma chikwangwani chimayamba ndi mndandanda, ndipo mndandanda sufuna ndalama. Wolemba mbiri Melvin Page anayenda m'midzi ya m'Malawi m'ma 1970 kucheza ndi anthu omwe anaiona nkhondoyo, n'kulemba buku la The Chiwaya War. Iwowo anapita onse. Atsala ndi ana ndi zidzukulu zawo, nawonso akutha.

Choncho mukapita kumudzi, khalani pamphasa ndi agogo, tsegulani rekoda ya pa foni. Afunseni kuti: "Agogo, kodi pamtundu pathu pano alipo anapita ku nkhondo kapena ku mtengatenga?" Lembani dzina, mfunda, mudzi, mfumu yaikulu, komanso ngati anabwerera. Afunseninso amfumu ndi akuluakulu a kumpingo kapena kumzikiti. Tikasonkhanitsa maina okwanira, tidzakhala ndi choti tikaonetse kukhonsolo, olo kungolemba ndi penti pa khoma la sukulu ya m'mudzi.

Ine ndayamba ndi dzina limodzi. Agogo atalitchula anandiuza kuti ndiliwerenge mokweza kawiri, kuti amve ngati ndalemba bwino.