Ulosi ukachitika, kodi ndiye kuti ngwa Mulungu?

Ana athu amene amaonera mafilimu a Dune akutifunsa ngati maulosi oopsa a m'nkhaniyi amakwaniritsidwadi. Nkhaniyi idachokera m'mabuku a Frank Herbert, ndipo loyamba lidatuluka mu 1965.

Tiwayankhe kuti inde, koma tione m'mene zidayendera. Anthu a mtundu wa Fremen, okhala m'chipululu cha dziko la Arrakis, ankayembekezera mpulumutsi chifukwa gulu la amayi lotchedwa Bene Gesserit lidafesa dala chikhulupirirocho kalekale, kuti anthu ake adzapeze pothawira. Paul Atreides adapeza malaya osokeratu, nangowavala. Iye mwini adaoneratu nkhondo imene idzamenyedwe m'dzina lake, adaiopa, komabe adatsata njira yomweyo. M'buku lachiwiri, Dune Messiah la 1969, akuwerengera anthu 61 biliyoni ophedwa.

Ambirife timaidziwa Deuteronomo 18:22, yotiphunzitsa kuti mawu osachitika sadachokere kwa Yehova. Mutu 13 ndiwo timaudumpha: pamenepo Mose akuchenjeza kuti chizindikiro chingathe kuchitikadi, mneneriyo ali wosocheretsa anthu. Nanga Yona, mneneri woona uja? Adalalikira kuti Nineve apasuka m'masiku 40. Anthu adalapa, mzinda sudagwe, ndipo mneneriyo adapsa mtima.