Makina Otulutsa Thukuta M'nyumba ndi Mganda wa ku Lago

M'mawa uliwonse pagombe la Metangula asodzi amatsika m'mabwato atapalasa usiku wonse kusaka usipa. Amayi amasenza mabeseni a nsomba kukayanika pathandala, ena ali pamtondo kusinja chinangwa cha kondowole. Anthu otere akamva kuti kumaiko akutali kuli anthu ogula makina oti awatulutse thukuta m'nyumba, amangoseka. Komatu makinawo alipodi, ndipo anawagula anthu mamiliyoni.

Awa ndi masewero a pa wailesi ya kanema, koma osati aja osewera chokhala. Mu 1998 kampani ya Konami ya ku Japan inatulutsa Dance Dance Revolution. Wosewera amaponda mivi yojambulidwa pansi motsata nyimbo, ndipo akaphonya makinawo amamulepheretsa. Mu 2007 kampani ya Nintendo inabweretsa Wii Fit, yokhala ndi kathabwa koimapo. Kathabwako kamayeza kulemera kwa munthu, nkuonanso mbali imene wapendekera, kenaka chithunzi cha pa kanema chimachita zomwe iye akuchita. Masewerowa anagulidwa oposa 22 miliyoni. Ring Fit Adventure, ya mu 2019, ili ndi mkombero wofinya ndi manja komanso lamba womanga pantchafu. Kuti munthu wa pa kanemayo athamange, mwiniwake ayenera kuthamanga pamalo amodzi. Mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatsekera anthu m'nyumba, masewerowa anasowa m'masitolo.

Nzeru yake ndi yosavuta. Munthu satopa msanga ndi chinthu chomusangalatsa. Akamapikisana ndi mnzake kapena kufuna kuposa zimene anapeza dzulo, amaiwala kuti akulimbitsa thupi.

Nanga nkhaniyi ikukhudza bwanji boma la Lago? Si onse amene akupalasa bwato masiku ano. Alipo a m'maofesi, ogulitsa m'mabenchi, ndi oyendetsa njinga zamoto, amene amaswera atakhala. Mtunda umene kale anthu ankayenda pansi, monga wochoka ku Chuwanga kapena ku Messumba kubwera kumsika, ambiri tsopano amakwera. Ana nawo akapeza foni, chala chokha ndicho chimagwira ntchito. Kafukufuku wa m'dziko lonse la Mozambique wa mu 2014 ndi 2015 anapeza kuti pafupifupi anthu 4 mwa akuluakulu 10 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Choopsa nchakuti matendawa sapweteka poyamba. Ambiri amazindikira atafa ziwalo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, mpaka kupuma kufulumireko. Ana akhale ndi ola limodzi tsiku lililonse. Masewero a pa kanema angathandize kukwanitsa mphindi zimenezi, ngati woseweyayo waimiriradi nkutuluka thukuta. Wogwedeza dzanja lokha ali pampando akudzinamiza.

Koma makinawa amafuna magetsi, wailesi ya kanema, ndi mametikali zikwizikwi, ndalama zokwanira kugulira ukonde kapena kulipirira ana zofunika kusukulu. Ndipo zimene amagulitsazo, kuponda motsata ng'oma, kupikisana, kuseka pamodzi, n'zimene amuna a mganda ndi amayi a chiwoda akhala akuchita m'mphepete mwa nyanjayi kuyambira kale. Gulu la mganda likamakonzekera mpikisano ndi mudzi wina, limavina madzulo ambiri motsatizana, ndipo palibe amene amawerenga mphindi.

Amene anasiya kalekale ntchito zolemetsa, makamaka wonenepa kapena wachikulire, asayambe ndi liwiro, kaya pa makina kaya pabwalo. Ayambe wapita kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, zomwe sizitenga mphindi zisanu, kenaka ayambe ndi kuyenda ndawala m'mbali mwa gombe dzuwa likapepa.