Magetsi a Dzuwa ku Nkhotakota

Mlendo woyenda pa msewu wochokera ku Salima kupita ku Dwangwa amaona zinthu zonga magalasi akuda pa madenga a nyumba zambiri za m'mbali mwa nyanja. Zinthuzi anthu amazitcha sola, ndipo ntchito yake ndi kusandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi. Ku Nkhotakota dzuwa limawala kwambiri, motero m'chaka cha 2023 malo aakulu opangira magetsi a dzuwa anayamba kugwira ntchito m'bomali. Koma ife tikambe za sola ya pakhomo, imene imayatsa mababu, kutchaja foni ndi kudzaza mabatire a nyali zimene asodzi amakopera usipa usiku.

Magetsi amachoka pa galasi lija ndi kutsika m'mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Amafika pa kabokosi kotchedwa regulator, kamene kamaletsa batire kudzaza mopitirira muyezo. Batire ndiyo nkhokwe, pakuti imasunga masana mphamvu imene tifuna usiku. Popeza dziko lathu lili kumwera kwa Equator, mmisiri amapendeketsa galasi kuti liyang'ane kumpoto. Amalimanganso zolimba kuopa mwera, mphepo imene imavutitsa asodzi m'miyezi yozizira.

Anthu ena amati magetsi a sola alibe ngozi chifukwa batire yake ndi ya mavolti 12 okha. Kunena zoona, batire yotere siimugwedeza munthu, koma imatha kutentha nyumba. Waya wofiira akakhudzana ndi wakuda, kapena sipanala ikagwera pa mitu yonse iwiri ya batire, moto umathetheka pompo. Wayayo amafiira ngati khala, ndipo pulasitiki yomukuta imasungunuka. Tangoganizani zimenezi zitachitika pansi pa denga la udzu mwezi wa Okutobala!

Kukula kwa waya nakonso ndi kofunika. Inu amene mwaonapo minda ya mpunga mukudziwa kuti madzi ambiri sakwana m'kangalande kakang'ono. Magetsi ambiri akamadutsa m'waya woonda, wayayo amatentha. Amatenthanso pamfundo pamene anthu angopotokola mawaya awiri ndi kukulungapo kapepala ka pulasitiki. Chizolowezi chimenechi n'chofala chifukwa chopulumutsa ndalama, koma n'choipa ndithu. Mmisiri wodziwa ntchito amamanga mfundo zake ndi masikuluwu, amadutsitsa mawaya m'mapaipi kuti makoswe asawatafune, ndipo amaika fyuzi pafupi ndi batire. M'fyuzi muli kawaya kamene kamaduka kokha magetsi akachuluka, waya wamkulu asanapse. Fyuzi ikaduka, musalole kuti wina aikepo msomali m'malo mwake.

Dzuwa palibe angalizimitse. Galasi likangoona kuwala limayamba kutulutsa magetsi, ngakhale lisanakwezedwe pa denga. Chifukwa cha ichi, mmisiri amaliphimba ndi chiguduli pamene akulumikiza. Amayamba walumikiza batire ku regulator, galasi pambuyo.

Batire iikidwe pamalo opita mphepo, kutali ndi moto ndiponso kumene ana amagona. Mabatire ambiri ali ndi asidi amene amaotcha khungu ndi kuononga maso, ndipo akamadzaza amatulutsa mpweya woyaka msanga. Asidi akakudonthokerani, tsukani ndi madzi ambiri ndi kupita kuchipatala.

M'nyumba zina mulinso chipangizo chotchedwa inverter, chimene chimakweza magetsi kufika pa mavolti 230, monga a ESCOM. Awa amapha. Musakhudze soketi kapena swichi ndi manja onyowa pochokera kunyanja.

Kulumikiza magetsi si ntchito ya ana. Makolo anu aitane mmisiri amene ali ndi chilolezo cha bungwe la MERA. Koma inu mukamva fungo la pulasitiki yopserera, kapena mukaona waya wosendeka, uzani akulu msanga. Moto ukayamba pa mawaya, tulukani m'nyumba ndi kukuwa. Akulu authire mchenga, osati madzi.

Mafunso

1. Kodi ntchito ya regulator ndi yotani?
2. N'chifukwa chiyani mmisiri amaphimba galasi ndi chiguduli?
3. Fotokozani m'mene fyuzi imatetezera nyumba.