Osewera magemu a pakompyuta ayamba kusamukira ku Linux

Kafukufuku amene kampani ya Valve ya ku America imachita mwezi ndi mwezi adaonetsa kuti mu Okutobala chaka cha 2025, anthu atatu mwa 100 alionse amene amasewera magemu a pakompyuta kudzera pamsika wake wa paintaneti wotchedwa Steam anali kugwiritsa ntchito Linux. Aka kanali koyamba kuti chiwerengerochi chifike pamenepo. Anthu pafupifupi 95 anali akadali pa Windows, ndipo awiri otsalawo anali pamakompyuta a kampani ya Apple.

Wina atha kuseka n'kufunsa kuti atatu n'chiyani pakati pa anthu 100. Komatu Steam si msika waung'ono ayi. M'chaka cha 2021 anthu 132 miliyoni ankalowa pamsikawu mwezi uliwonse, ndipo kungowerengera pachiwerengero chakalecho, atatu aja akuimira anthu pafupifupi 4 miliyoni. Kwa zaka zingapo chisanafike chaka cha 2021, Linux inkalephera kukwana ngakhale munthu mmodzi mwa 100.

Kodi Linux n'chiyani?

Kompyuta payokha ndi chitsulo, pulasitiki ndi mawaya basi. Kuti igwire ntchito imafuna pulogalamu yaikulu imene imadzuka munthu akangoyatsa makinawo, n'kumayang'anira zonse: zithunzi, mawu, mabatani ndi mapulogalamu ena onse. Pulogalamu imeneyi ili ngati kapitawo, ndipo gemu iliyonse ikafuna kujambula chithunzi kapena kutulutsa mawu imayenera kudzera kwa iye.

Windows ndi kapitawo wa kampani ya Microsoft. Malangizo amene adalembedwa m'kati mwake ndi chinsinsi cha kampaniyo, ndipo wogula amangolipira chilolezo choigwiritsa ntchito. Linux njosiyana. Adaiyambitsa ndi a Linus Torvalds m'chaka cha 1991 ali mwana wa sukulu pa yunivesite ya Helsinki m'dziko la Finland, ndipo idaphatikizidwa ndi mapulogalamu a gulu la GNU limene a Richard Stallman adayambitsa ku America mu 1983. Lamulo lake n'lakuti aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuwerenga malangizo ake, kuwasintha ndi kugawira anzake, koma akagawa zimene wasinthazo ayenera kuziikanso poyera kuti ena aone.

Mlimi wa ku Angónia kapena ku Tsangano sangavutike kumva kusiyana kumeneku. Pali mbewu ya m'sitolo imene munthu amagula kwa eni ake, ndipo pali chimanga cha makolo chimene amasankha yekha m'nkhokwe, n'kusunga, n'kupatsako mnansi wake. Ndipo ambiri m'midzi ali nayo kale Linux m'thumba mosadziwa, pakuti mafoni onse a Android adamangidwa pa iyo. Kuyambira mu 2017 makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri padziko lapansi amayendanso ndi Linux. Kumene idakanika kulowa kwa zaka zambiri ndi pakompyuta ya patebulo, makamaka ya wosewera magemu.

Chifukwa chake chinali chosavuta. Opanga magemu ankalembera Windows popeza n'kumene kunali ogula, ndipo ogula ankakhala pa Windows popeza n'kumene kunali magemu. Zinali ngati chapa imene ikukana kunyamuka chifukwa mulibe anthu, pomwe anthu akukana kukwera chifukwa sikunyamuka. Kampani ina ya ku California yotchedwa Loki idayesa mu 1998 kumasintha magemu otchuka kuti aziyenda pa Linux, koma ogula adachepa, ngongole zidakula, ndipo idatsekedwa kumayambiriro kwa 2002.

Mantha a wamalonda

Amene adasintha zinthu sadali mlaliki wa ufulu ayi, koma wamalonda amene adachita mantha. Bambo Gabe Newell adagwira ntchito ku Microsoft zaka 13, kenaka mu 1996 adayambitsa Valve pamodzi ndi mnzawo, a Mike Harrington. Mu 2003 kampaniyi idatsegula Steam, ndipo pa magemu ambiri amene amagulidwa pamsikawu, Valve imatengapo 30 pa ndalama 100 zilizonse. Ndi chuma chochuluka, koma chonsecho chinkadalira Windows. Kunena zoona, a Newell ankagulitsa malonda awo pakhonde la munthu wina.

M'chaka cha 2012 Microsoft idatulutsa Windows 8 imene idabwera ndi sitolo yakeyake ya mapulogalamu. A Newell adaona kuti tsiku lina mwini khonde atha kunena kuti malonda onse azidzera kwa iye, ndipo adanena poyera kuti Windows 8 ndi tsoka. Mu Febuluwale 2013 Steam idayamba kuyenda pa Linux. Mtundu wa Linux umene adayambira ndi Ubuntu, umene adauyambitsa mu 2004 ndi a Mark Shuttleworth a ku South Africa. Dzina limeneli ndi liwu la Chizulu ndi Chixhosa, ndipo m'chinenero chino ndi lomwe lija lakuti umunthu.

Ulendo woyambawo sudayende. Valve idapanga mtundu wakewake wa Linux wotchedwa SteamOS, ndipo mu Novembala 2015 makampani angapo adatulutsa makina otchedwa Steam Machine oti munthu azilumikiza ku wailesi yakanema. Anthu sadawagule. Magemu ambiri otchuka sankayendamo, ndipo opanga magemu sadafune kulemba gemu imodzi kawiri. Pofika 2018 makinawo adali atachotsedwa patsamba loyamba la msikawo, ndipo ambiri adati nkhani yathera pomwepo.

Womasulira

Apa Valve idasiya kunyengerera opanga magemu n'kutenga njira ina. Ngati gemu imangodziwa chinenero cha Windows, ndiye pafunika womasulira woima pakati, monga zimakhalira kubwalo la milandu pamene woweruza akulankhula Chipwitikizi koma mboni ikungodziwa Chinyanja.

Womasulira woteroyo analipo kale. Dzina lake ndi Wine, ntchito imene anthu odzipereka adaiyamba mu 1993. Kuvuta kwake kumaoneka pakuti padapita zaka 15 kuti atulutse chimene adachitcha Wine 1.0, mu 2008. Microsoft siiulula za m'kati mwa Windows, choncho anthuwa ankachita kuyesa pempho lililonse limene pulogalamu imapereka, n'kuona mmene Windows imayankhira, kenaka n'kulemba zawozawo zoyankha chimodzimodzi. Pa mapulogalamu a mu ofesi Wine inkayesetsa ndithu, koma pa magemu akuluakulu inkachedwa. Gemu imafuna kuti zithunzi zisinthe ka 30 kapena ka 60 pa sekondi imodzi, ndipo womasulira akachita chibwibwi pang'ono pokha, wosewerayo amakhala atagonja kale.

Mfundo yovuta kwambiri inali pa zithunzi. Magemu ambiri amalankhula ndi chipangizo chojambula zithunzi m'chinenero cha Microsoft chotchedwa DirectX. Mu 2016 kudatuluka chinenero china, Vulkan, chimene sichili m'manja mwa kampani imodzi ndipo chimayenda pa Linux. Katswiri wina wolemba mapulogalamu, Philip Rebohle, ankafunitsitsa kusewera gemu ya ku Japan yotchedwa Nier: Automata pakompyuta yake ya Linux, ndipo adayamba yekha kulemba pulogalamu yomasulira DirectX kupita ku Vulkan. Adaitcha DXVK n'kuiika poyera. Valve itaona kuti ikuthamanga bwino idayamba kumulipira kuti apitirize ntchitoyo. 

Valve idagwirizananso ndi kampani ya CodeWeavers ya ku Minnesota, imene imalemba ntchito akatswiri ambiri a Wine. Adamanga zonsezi mtolo umodzi n'kuutcha Proton, ndipo udatuluka mu Ogasiti 2018. Kuyambira pamenepo munthu wa pa Linux amangodina batani, gemu ya Windows n'kuyamba, womasulira akugwira ntchito yake mosaoneka. Osewera okha adayamba kuyesa magemu mmodzimmodzi n'kumalemba pamalo otchedwa ProtonDB kuti iyi ikuyenda, iyi ikufuna kukonza pang'ono, iyi yakaniratu. Magemu masauzande ambiri amene eni ake sadaganizeko za Linux adapezeka kuti akuyenda.

Chimene chidatsala ndi makina oti anthu awakonde. Mu Febuluwale 2022 Valve idatulutsa Steam Deck, kakompyuta kogwira m'manja kokhala ndi galasi ndi mabatani ake, ndipo mtengo wotsikitsitsa unali madola 399. M'kati mwake muli SteamOS yatsopano. Ambiri amene adakagula sadafunse n'komwe za Linux, iwo ankangofuna kusewera ali pabedi kapena pa ulendo. Koma opanga magemu adayamba kuonetsetsa kuti magemu awo akuyenda pa kamakinako, ndipo chimene chayenda pa Steam Deck kawirikawiri chimayendanso pa Linux ya patebulo. Mu Julayi 2023 osewera a pa Linux adaposa a pa Apple. Ndipo mu kafukufuku wa Okutobala 2025 uja, ogwiritsa ntchito SteamOS sadakwane theka la anthu onse a pa Linux. Ochulukawo ndi amene adaika okha Linux pamakompyuta awo.

Microsoft nayo idathandizira mosafuna. Pa 14 Okutobala 2025 idasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, n'kuuza anthu kuti asamukire ku Windows 11. Koma Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndiponso makina atsopano ndithu, moti makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018 imawakana, chonsecho ali bwinobwino. Mwini wake amatsala ndi zosankha zitatu: kugula kompyuta ina, kukhalabe ndi Windows imene chitetezo chake chikutha, kapena kuikamo Linux imene salipira kanthu. Nkhani imeneyi ikukhudzanso aliyense amene amagula kompyuta ya kaunjika, pakuti zambiri mwa izo ndi zomwe zakanidwazo. Linux imatha kuzipatsa moyo zaka zina zingapo, ngakhale kuti siingasandutse makina ofooka kukhala amphamvu. Gemu yatsopano yaikulu imafunabe chipangizo chabwino cha zithunzi, magetsi odalirika ndi intaneti yochuluka yoikopera.

Pamene pakuvutabe

Khoma limene latsala ndi la magemu amene anthu ambiri amapikisana paintaneti. M'magemu amenewa muli akuba, anthu amene amaika timapulogalamu towathandiza kuona mdani kuseri kwa khoma kapena kuombera osaphonya. Pofuna kuwagwira, makampani amaika mlonda wawo m'kati mwenimweni mwa Windows kuti aziona zonse zimene kompyuta ikuchita. Pa Linux mwini kompyuta ali ndi mphamvu yosintha chilichonse, ndipo makampani ena amati sangakhulupirire mlonda amene mwini nyumba atha kumumanga m'maso. Ufulu womwe uja umene udabala Proton ndi umenenso ukuwachititsa mantha.

Mu 2021 alonda awiri otchuka, Easy Anti-Cheat ndi BattlEye, adakonzedwa kuti azigwira ntchito ndi Proton, koma mwini gemu ndiye amasankha kuvomera kapena kukana. Eni ake a Fortnite adakana. Valorant siiyenda. Apex Legends inkayenda bwino, koma mu Okutobala 2024 kampani ya EA idatsekera kunja osewera onse a pa Linux ponena kuti akuba achuluka. Ndipo kwa okonda mpira wa miyendo nkhani yowawa ndi iyi: gemu ya EA imene kale inkatchedwa FIFA, ndipo kuyambira 2023 imatchedwa EA Sports FC, idayamba kukana Linux pamene kampaniyo idaikamo mlonda wake mu 2022. Mnyamata amene mtima wake uli pa mpira umenewu sangasiye Windows chifukwa cha nkhani za ufulu.

Palinso china chimene okonda Linux ena safuna kuchimva. Steam yeniyeniyo si yoonekera poyera, ndipo magemu ambiri ogulitsidwa kumeneko malangizo ake ndi chinsinsi monga momwe Windows ilili. Valve si bungwe lachifundo, idachita zonsezi poteteza 30 wake uja. Munthu atha kunena kuti osewerawa angochoka pakhonde lina n'kupita pakhonde linanso. Mawuwa ali n'zoona zake, koma sakukwana. Proton, Wine ndi DXVK zili poyera, ndipo zimene zidagawidwa kale Valve siingazilande ngakhale itasintha maganizo mawa. Magulu ena adazitenga kale n'kupanga mitundu yawo ya Linux ya osewera, monga Bazzite, imene munthu atha kuika pamakina a kampani iliyonse.

Makampani opanga makina ayambanso kutsatira. Mu 2025 Lenovo idatulutsa kakompyuta ka m'manja kotchedwa Legion Go S kokhala ndi SteamOS, kukhala kampani yoyamba kupatula Valve kugulitsa kamakina kotere ndi pulogalamuyi. Ndipo mu Novembala chaka chomwecho Valve idalengeza makina atsopano olumikiza ku wailesi yakanema, n'kuwapatsa dzina lomwe lija limene lidaichititsa manyazi zaka 10 m'mbuyomo, la Steam Machine.