Loko wosaoneka amene amateteza ndalama za pa lamya

Mlimi wa m'dera la Mfumu Nyalugwe, m'boma la Nyimba, akatumiza ndalama pa intaneti kudzera m'pulogalamu ya banki ya pa lamya, uthenga wake umadutsa m'makina ambiri usanafike kubanki. Kuti akuba asauwerenge panjira, pulogalamuyo imausanduliza kukhala manambala osamveka. Njira yobisira uthenga motere akatswiri amati cipher.

Ndalama zisanapite, lamya ndi kompyuta ya banki zimayamba zagwirizana njira imene zigwiritse nchito. Opanga mapulogalamu ndiwo amasankha njira zololedwa.

Njira zina zinakalamba. Ya RC4 inaletsedwa mu 2015 zitadziwika kuti ingathe kuthyoledwa. Ndondomeko ya TLS 1.3, imene inatuluka mu 2018, imalola AES ndi ChaCha20 zokha. ChaCha20 imathamanga bwino pa malamya otsika mtengo amene alibe zida zapadera zofulumizitsa AES.

Kusankhaku n'kovuta. Kutseka njira zakale kumasiya kunja eni malamya akale, pamene kuzisiya zotseguka kumapatsa akuba mpata. N'cifukwa cake lamya ikapempha kulowetsa pulogalamu yatsopano, mwini wake sayenera kuzengereza.