Moto wa Kadalie: mwana wa ku Chifira amene anadzutsa antchito a kumwera kwa Africa

M'mwezi wa Januwale chaka cha 1919, mumzinda wa Cape Town, kumene zombo zochokera kutsidya la nyanja zinkakocheza kudzatsitsa ndi kupakira katundu, amuna 24, ambiri mwa iwo otuwa ndi ntchito ya padoko, anasonkhana kuti aone chochita ndi malipiro awo, amene anali kutha m'manja mwezi usanafike pakati. Amene anam'patsa udindo wa ulembi tsiku limenelo sanali Mxhosa kapena Mzulu, ndiponso sanali mbadwa ya mzindawo, koma mnyamata wa zaka 22 wochokera m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi Bandawe m'boma la Nkhata Bay, mdzukulu wa Mfumu Chiweyu ya Atonga, dzina lake Clements Kadalie. Bungwe limene anayambitsa, lodziwika ndi zilembo zitatu za ICU, linakula kufikira kukhala ndi mamembala oposa 100,000 m'chaka cha 1927. Koma pomafika chaka cha 1930 linali litasweka ngati mphika wogwa pamwala, aliyense atatola phale lake.

Nkhani imeneyi iyenera kusimbidwa kawirikawiri pakati pathu, popeza ili ndi ulemu wa dziko lathu m'kati mwake, komanso popeza aliyense amene lero akusonkhanitsa anthu akuda kuti athandizane ndi kudzizindikira, kaya ndi ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku London, akuyenda m'njira imene Kadalie anaponda kale, ndipo maenje amene iye anagweramo sanakwiriridwe.

Kadalie anabadwa m'chaka cha 1896, naphunzira ku Bandawe ndi ku Livingstonia pansi pa Dr Robert Laws, natsiriza maphunziro a uphunzitsi m'chaka cha 1913. Ataphunzitsa kanthawi kochepa, anachita monga anachitira anyamata ambiri a masiku amenewo amene msonkho ndi kuchepa kwa malipiro zinawatulutsa m'midzi: anatenga ulendo m'chaka cha 1915, nagwira ntchito ya ukalaliki ku Mozambique ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia monga wa Shamva, mpaka anafika ku Cape Town m'chaka cha 1918. Chuma analibe, abale a mphamvu analibe. Chimene ananyamula kuchokera ku Livingstonia chinali cholembera, lilime lakuthwa, ndi luso lolemba kalata imene bwana sakanatha kuitaya osaiwerenga. Mwini wake anasimba pambuyo pake kuti tsiku lina wapolisi wachizungu anam'kankha m'mbali mwa msewu, ndi kuti mzungu wina womenyera ufulu wa antchito, A.F. Batty, amene anaona zimenezi, ndiye anayamba kucheza naye za kusonkhanitsa antchito a padoko. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa Kadalie mwambiwo unapherezera.

Chaka chomwecho cha 1919 chisanathe, m'mwezi wa Disembala, antchito a padoko pafupifupi 2,000 ananyanyala ntchito, kudandaula za malipiro ndi za chakudya chimene chinali kutumizidwa kunja pamene mitengo yake inali kukwera kwa eni dziko. Chaka chotsatira malipiro a padoko anakwezedwa, ndipo boma, poona kumene mphepo inali kuchokera, linalamula kuti Kadalie apirikitsidwe m'dzikomo, koma lamulolo linafafanizidwa. M'mwezi wa Okutobala 1920 ku Port Elizabeth, khamu litapita kupolisi kukapempha kuti mtsogoleri wawo Samuel Masabalala amasulidwe, mfuti zinalira, ndipo anthu oposa 20 anafa. Mwazi umenewo, m'malo mozimitsa motowo, unaukolezera.

Tsono tiyenera kufunsa chimene chinakoka anthu chotere, pakuti malipiro okha sakanadzutsa khamu lonse lija. Padoko la Cape Town pankagwira ntchito anthu akuda ochokera kuzilumba za West Indies, ndipo mmodzi wa anthu a kumeneko, James Gumbs, anadzakhala pulezidenti wa ICU. Amalinyero a m'zombo ankabwera ndi nyuzipepala ya Negro World, ya bungwe la UNIA limene Marcus Garvey anayambitsa ku Jamaica m'chaka cha 1914, yophunzitsa kuti anthu akuda onse, kulikonse kumene ukapolo ndi utsamunda zinawabalalitsira, ali mbumba imodzi, ndi kuti khungu lakuda si temberero ayi. M'chaka cha 1923 ICU inayamba kusindikiza nyuzipepala yakeyake, Workers' Herald, ndipo popeza odziwa kuwerenga anali owerengeka, tsamba limodzi linkadyetsa makutu ambiri. Munthu amene moyo wake wonse ankaitanidwa ngati mwana ndi anyamata achizungu a msinkhu wa ana ake, amene sakanayenda mtunda popanda chitupa m'thumba, anamva kwa nthawi yoyamba kuti iye ndi munthu, kuti thukuta lake lili ndi mtengo, ndi kuti mnzake wa chinenero china wonyamula thumba lomwelo ndi mbale wake. Zilembo zija za ICU, zikatchulidwa m'Chingerezi, zimamveka ngati mawu otanthauza kuti ndikukuona, ndipo anthu anazitenga chomwecho: anali kuuza wowazunza kuti tsopano pali maso amene akuona.

Atsamunda anazindikira msanga kuti pepala n'loopsa kuposa mkondo. Kuno kwathu, ku Nyasaland wa masiku amenewo, kumene boma linali lisanaiwale za John Chilembwe ndi chaka cha 1915, Negro World inaletsedwa, ndipo m'chaka cha 1926 Isa Macdonald Lawrence, amene ankalemberana makalata ndi Kadalie, anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka zitatu akugwira ntchito ya kalavulagaga chifukwa cholowetsa m'dziko makope a Negro World ndi Workers' Herald. Ku Bulawayo, mwana wina wa Nyasaland, Robert Sambo, anayamba nthambi ya ICU m'chaka cha 1927, ndipo ngakhale boma la Southern Rhodesia linam'bweza kwawo, Masotsha Ndlovu ndi Charles Mzingeli anapitiriza ntchitoyo kwa zaka zambiri. Umodzi wa Africa wa masiku amenewo unkayenda m'matumba a matchona, pasitima ndi pansi, osati m'nyumba za misonkhano ya atsogoleri a maiko.

Kukula kwakukulu kunadza m'zaka za 1926 ndi 1927, pamene likulu linali litasamukira ku Johannesburg ndipo bungwe linalowa m'mafamu a ku Natal, Orange Free State ndi Transvaal. Lamulo la malo la 1913 linali litasiyira anthu akuda kagawo kosafika ngakhale limodzi mwa magawo khumi a dziko la makolo awo, kotero kuti mabanja ambiri ankakhala pamalo a azungu polipira ndi ntchito ya manja awo, mofanana ndi thangata amene agogo athu anam'dziwa ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu. Anthu otere, atamva za ICU, anadza miyandamiyanda kudzagula khadi lofiira la umembala, ambiri akukhulupirira kuti khadilo lidzawabwezera minda yawo posachedwa.

Apa ndi pamene panagona imfa ya bungwe, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Anthu analowa mofulumira kuposa mmene akanaphunzitsidwira. Alembi a nthambi ambiri anali anyamata odziwa kuyankhula pamsonkhano, koma osazolowera kusunga buku la ndalama kapena kuyendetsa kunyanyala ntchito mwadongosolo. Zopereka za amphawi zinkalowa popanda wozilondola bwino, ndipo zambiri zinathera kwa maloya m'milandu imene inkapulumutsa munthu mmodzimmodzi osasintha lamulo. Mlimi amene anagula khadi ndi chiyembekezo cha munda, mwini famu atam'thamangitsa chifukwa cha khadi lomwelo, anapeza kuti bungwe lilibe pom'khazika. Mbewu inagwa panthaka yosaya, inamera msanga, ndipo dzuwa litakwera inafota.

Adani akunja analipo ndithu, ndipo sitiyenera kuwachepetsa. Lamulo la 1927 linapatsa boma mphamvu yozenga mlandu aliyense amene mawu ake linawayesa odanitsa akuda ndi azungu, ndipo m'chaka cha 1928 magulu a azungu anaphwanya maofesi a ICU m'matauni ena a ku Natal monga Greytown. Koma nyumba inali itayamba kale kung'aluka m'kati. Mu Disembala 1926 bungwe linachotsa mamembala a chipani cha Komyunisiti, pamodzi ndi James La Guma ndi ena amene anali m'gulu la antchito ake akhama. M'chaka cha 1927 Kadalie anakhala miyezi ingapo ku Geneva ndi ku Britain kufuna abwenzi, pamene kumudzi nkhokwe inalibe mlonda. A.W.G. Champion, amene anamanga nthambi yamphamvu ya ku Durban, ataimitsidwa pa nkhani za ndalama m'chaka cha 1928, anapatuka ndi anthu ake nayambitsa ICU yase Natal. Atambala awiri salira m'khola limodzi. William Ballinger, amene anachokera ku Scotland chaka chomwecho kudzakhala mlangizi, anapeza mabuku a chuma ali osokonekera, nayambana ndi Kadalie, amene anatula pansi udindo kuchiyambi kwa 1929 nayambitsa bungwe lakelake. Kadalie anatsogoleranso kunyanyala ntchito kwakukulu ku East London m'chaka cha 1930, nalowa m'ndende chifukwa cha icho, ndipo anakhala mumzinda umenewo kufikira imfa yake m'chaka cha 1951.

Kuti tione bwino chimene chinasowa, tiyang'ane ntchito ziwiri zazing'ono za nthawi yomweyo zimene sizinachite phokoso. Ku Johannesburg kunali sukulu ya usiku ya antchito, yoyendetsedwa ndi a chipani cha Komyunisiti, kumene anthu otopa ndi ntchito ya tsiku lonse ankaphunzira kuwerenga, kuwerengera ndi kumvetsa chifukwa chimene anali osauka. Mmodzi wa ophunzira ake, Moses Kotane, amene paubwana wake anangolawako sukulu pang'ono, anadzakhala mlembi wamkulu wa chipanicho kuyambira 1939 mpaka imfa yake mu 1978. Kuno kwathu, Levi Mumba, wophunzira wa Livingstonia ngati Kadalie, ndi anzake anayamba North Nyasa Native Association m'chaka cha 1912, ndipo mabungwe ena otere anatsatira m'maboma ena. Anali a anthu ochepa, ofatsa m'mayankhulidwe, olemba zokambirana zawo m'mabuku ndi kutumiza madandaulo ku Zomba chaka ndi chaka, kotero kuti ena anawayesa amantha; koma anakhala zaka zoposa makumi atatu, ndipo ndiwo analumikizana kukhala Nyasaland African Congress m'chaka cha 1944, Mumba ali pulezidenti wake woyamba. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Lero ana a dziko lino ali ambirimbiri ku South Africa, ndipo pafupifupi paliponse pamene ali, ali ndi magulu awo osonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi, kuthandiza wodwala ndi kulandira mlendo wofika kumene. Magulu amenewa ndi chuma chachikulu, ndipo atsogoleri ake, amene amagwira ntchitoyi popanda malipiro atatopa kale ndi ntchito ya abwana, ayenera ulemu. Kwa iwo nkhani ya ICU ikunena zinthu zomveka. Msungichuma aziwerenga poyera pamsonkhano uliwonse zimene zalowa ndi zimene zatuluka, ndipo wopereka aliyense azilandira lisiti lake, pakuti kukhulupirirana kumene sikuonetsedwa m'buku sikukhalitsa. Malamulo a gulu alembedwe mtendere ulipo, mkangano usanabuke. Wapampando aziphunzitsa wodzalowa m'malo mwake iye akadali ndi mphamvu, popeza mutu umodzi susenza denga. Koposa zonse, gulu lisamakumane pa maliro pokha: lipatule nthawi yophunzira pamodzi malamulo a ntchito a dziko limene akukhalamo, mbiri ya makolo, ndi chinenero cha kwawo kwa ana obadwira kuchilendo, kuti membala adziwe chimene walowera ndi chimene gulu silingathe kum'chitira.

Ndipo gulu lisadzitsekere m'mpanda wa mtundu wake. M'mwezi wa Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa ku South Africa pa zipolowe zothamangitsa alendo, ena mwa iwo nzika za dziko lomwelo, ndipo zoterezi zinabukanso m'chaka cha 2015. Mnyamata wa ku Alexandra mu Johannesburg amene anatola mwala kugenda Mmalawi sanauzidwe kuti agogo ake mwina ananyamula khadi lofiira lochokera ku bungwe la Mtonga wa ku Nkhata Bay, ndipo Mmalawi wogendedwayo nayenso sanauzidwe. Umbuli umenewu uli mbali zonse ziwiri, ndipo mankhwala ake ndi kukhala pamodzi ndi Azimbabwe, Amozambiki ndi eni dziko pa nkhani za lendi, za malipiro ndi za chitetezo, monga anachitira amuna 24 aja, amene sanafunsane za kwawo asanafunsane za njala yawo.

Kadalie anayatsa moto umene unaoneka kuchokera ku Cape Town mpaka ku Nyasaland, ndipo anthu amene anauona sanabwererenso mumdima wakale wodziyesa achabe. Pa ichi dzina lake liyenera kutchulidwa ndi ulemu m'sukulu zathu. Koma unali moto wa mapesi, wowala kwambiri ndi wosachedwa kuzilala. Amayi a kumudzi amadziwa kuti moto wofika m'mawa ndi wa chikuni, chimene chimanyeka pang'onopang'ono pansi pa phulusa usiku wonse popanda woyamikira, kufikira tambala atalira, anansi nayamba kufika pakhomo kudzapala. Gulu lililonse la ana a Africa likusowa anthu ovomera kukhala chikuni chotere: mlembi wosunga buku lake mokhulupirika, ndi mphunzitsi wa usiku amene ali ndi ophunzira asanu okha, koma mawa adzabweranso.