Nkhalango za Matchalitchi a ku Ethiopia

Lero tili kumpoto kwa dziko la Ethiopia, kumapiri ozungulira nyanja ya Tana. Kuno khasu ndi nkhwangwa zakhala zikugwira ntchito kwa zaka mazanamazana, ndipo mitengo yachilengedwe inatha m'madera ambiri. Koma apo ndi apo, pakati pa minda, pali tinkhalango tobiriwira, tothithikana. Mukalowa mkati mumapeza tchalitchi cha mpingo wa Orthodox Tewahedo. Tinkhalango totere tilipo masauzande.

Chikhristu chinazika mizu ku Aksum m'zaka za m'ma 300, Mfumu Ezana itatembenuka mtima pophunzitsidwa ndi Frumentius. M'tchalitchi chilichonse cha mpingowu mumasungidwa tabot, chifaniziro cha magome a malamulo a m'likasa la chipangano. Kupatulika kwake sikuthera pakhoma la nyumba yopemphereramo ayi. Kumafikira bwalo, manda ndi mitengo yonse ya m'mbali. Kwa okhulupirira, nkhalangoyo imawakumbutsa munda wa Edeni, momwe munthu anaikidwa kuti akhale wosamala. Wodula mtengo mwachisawawa pamalopa amaonedwa kuti walakwira Mwini wake.

M'chaka cha 1967, katswiri wa mbiri wa ku America, Lynn White, anaimba mlandu Chikhristu cha azungu. Iye anati chinaphunzitsa munthu kudziyesa mwini wa zolengedwa, woti azichita nazo zomwe wafuna. Mlanduwu ndi wolemera, ndipo mipingo sinauthawe. Mu 2015, Papa Francis analemba kalata ya Laudato Si', momwe anatsindika kuti dziko likawonongeka, oyamba kulira ndi amphawi. Ansembe a kumapiri a Ethiopia anali atayamba kale kukhala m'chiphunzitso chimenechi, mibadwo ndi mibadwo.

Lero nkhalangozi zili pachiopsezo. Ng'ombe zimalowa n'kudya mbande, alimi amasuntha malire pang'onopang'ono, ndipo mitengo yakale ikagwa sipakhala yolowa m'malo. Katswiri wa zankhalango Alemayehu Wassie, mothandizana ndi Margaret Lowman wa ku America, anakambirana ndi ansembe ndipo anayamba kumanga mipanda ya miyala. Miyalayo anthu amatola m'minda mwawo, choncho munda umayera, nkhalango n'kupuma. Mkati mwa mpanda mbande zimamera, njuchi zimapeza maluwa, akasupe amatetezeka.

Kwathunso nzeru imeneyi si yachilendo. M'midzi yambiri yomwe makala anamaliza mitengo, msitu wotsala ndi wa kumanda, chifukwa anthu amaupatsa ulemu. Chimene munthu amachilemekeza sachiwononga. Mpingo uliwonse uli ndi bwalo lake, uli ndi achinyamata, uli ndi amayi a chigwirizano. Mvula yoyamba ikagwa chaka chino, abusa ndi akulu a mpingo atsogolere kubzala mbawa ndi masuku pabwalopo, ndipo aphunzitse paguwa kuti kusamala mtengo ndi mbali ya kuopa Mulungu.